Nambala ya coopsa cosaoneka ndi ya yani?

Pali funso limene ndikufuna kuti tiliganizire pamodzi, ife a m'midzi ya m'malire, kuyambira ku Angónia ndi Tsangano mpaka ku Milange, Mandimba ndi m'mbali mwa nyanja ya Niassa. Munthu akabwera ndi cipangizo cake, n'kuyeza dothi la m'munda mwanu kapena madzi a m'citsime canu, n'kulemba nambala m'buku lake, kodi nambala imeneyo ndi ya yani? Ndi ya mwini cipangizo, ya kampani imene yamutuma, ya boma, kapena ndi yanu inu amene mumadya za m'mundamo ndi kumwa madziwo? Funsoli lili ndi linzake lovuta kuposa pamenepa. Ngati nambalayo ingacititse anthu mantha, kugwetsa mtengo wa mbewu zawo pamsika, kapena kuwasamutsa pamalo pamene pagona makolo awo, kodi kuibisa sikungakhale cifundo? Ine ndikuti nambalayo ndi ya anthu okhala pamalopo, ndipo woibisa amawalakwira. Koma amene amaganiza mosiyana ndi ine ali ndi zifukwa zomveka, ndipo ndiyesa kuziyankha mosazemba.

Coopsa cimene ndikunena ndi cija pa Cipwitikizi amati radiação. Ine ndizicichula kuti ceza cosaoneka. Miyala ina ili ndi zinthu monga yureniyamu ndi thoriyamu, zimene zimasweka pang'onopang'ono mkati mwake, ndipo posweka zimatulutsa mphamvu yotha kulowa m'thupi la munthu. Mphamvuyi ilibe fungo, ilibe mtundu, ndipo ikamalowa munthu samva kalikonse. Ngakhale anthu ophunzira sanali kuidziwa mpaka caka ca 1896, pamene Henri Becquerel wa ku France anaizindikira pogwira nchito ndi yureniyamu. Ceza cimeneci cikaculuka kwambiri pa nthawi yocepa cimawocha khungu ndi kuwononga magazi, ndipo munthu angafe m'masabata ocepa. Cikamalowa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri cimawonjezera mpata wodwala khansa.

Wina asathamange magazi msanga. Ceza cosaoneka cili paliponse, ndipo cakhala cilipo kuyambira kale. Cimacokera kumwamba, m'nthaka, m'zakudya, ngakhale m'mafupa athu. Akatswiri amaciyeza ndi muyeso wochedwa milisiveti, ndipo bungwe la United Nations loona za nkhaniyi linapeza mu 2008 kuti, mukaphatikiza anthu a dziko lonse lapansi, munthu mmodzi amalandira pafupifupi mamilisiveti 2.4 pa caka kucokera ku cilengedwe. Pafupifupi theka lake limabwera ndi mpweya wochedwa radon, umene umatuluka m'nthaka n'kumaunjikana m'nyumba zosapita mphepo ndi m'migodi. Malangizo a mayiko onse amati nchito za anthu, monga migodi, zisawonjezere pa munthu wamba zoposa milisiveti imodzi pa caka, ndipo wogwira nchito pamalo otere asapitirire 20 pa caka mukawerengera zaka zingapo pamodzi. Conco kufunsa kuti "kodi cilipo?" sikuthandiza, pakuti cilipo ndithu. Funso lothandiza ndi lakuti "cilipo coculuka bwanji, ndipo pati?" Maso sangayankhe funso limeneli. Limayankhidwa ndi cipangizo, ndipo mayankho ake akaikidwa pamodzi amapanga mapa oonetsa pamene pali bwino ndi pamene pafunika kusamala.

Ife a ku Moçambique tikudziwa kale tanthauzo la mapa a coopsa cobisika. Nkhondo itatha mu 1992, anthu oposa miliyoni imodzi amene anathawira ku Malawi anayamba kubwerera kwawo, ndipo ambiri anapeza kuti njira za kumtsinje ndi minda imene anaisiya zakwiriridwa mabomba. Ocotsa mabomba anafunsa anthu, kulemba mapa, kuzika zikhomo zofiira ndi kuika zikwangwani za cenjezo. Nchitoyo inatenga zaka zoposa 20, kufikira mu Seputembala 2015 pamene boma linalengeza kuti malo onse odziwika a mabomba ayeretsedwa. Pa zaka zonsezo palibe munthu wanzeru amene akananena kuti mapa a mabomba ndi katundu wa bungwe lowalemba, oyenera kutsekeredwa mu ofesi. Munthu wodziwa pamene pali bomba, naona mwana akulowera komweko iye n'kukhala cete, tonse tikanamuyesa wakupha.

Ceza cosaoneka cimasiyana ndi bomba pa cinthu cimodzi cacikulu. Bomba likaphulika mudzi wonse umamva, ndipo palibe wotsutsa cimene cadula mwendo wa munthu. Ceza cikavulaza munthu pang'onopang'ono, matenda amadzaoneka patapita zaka 10 kapena 20, ndipo ngakhale dokotala sangaloze khansa ya munthu mmodzi n'kunena motsimikiza kumene inacokera. Wobisa nambala amadziwa kuti n'kovuta kudzamugwira. Kwa ine zimenezi zimakulitsa mlandu wake, cifukwa pamene munthu sangadziteteze ndi maso ake, moyo wake wonse umatsamira pa kukhulupirika kwa wogwira cipangizo.

Wina angafunse kuti nkhaniyi ikutikhudza bwanji ife alimi a cimanga, mbatata ndi fodya. Ikutikhudza cifukwa nthaka ya dera lathu lino ili ndi miyala imene dziko likuifuna. Ku Mavuzi, m'cigawo ca Tete, miyala ya yureniyamu inakumbidwa pa nthawi ya Apwitikizi, kuyambira cakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Ku Moma, m'cigawo ca Nampula, amakumba mcenga wolemera, ndipo mcenga wotere umakhala ndi timiyala ta monazite, m'mene muli thoriyamu. Tsidya la malire, m'boma la Karonga ku Malawi, mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera unatsegulidwa mu 2009 ndi kampani ya Paladin ya ku Australia, unaima mu 2014 mtengo wa yureniyamu utagwa, ndipo pambuyo pake unagulidwa ndi kampani ya Lotus Resources. Madzi a dera limenelo amatsikira mu mtsinje wa North Rukuru, umene umathira m'nyanja yomweyi imene abale athu a ku Metangula ndi Cóbuè amaphamo usipa. Sindikunena kuti nyanja yaipitsidwa. Ndikunena kuti anthu a m'mbali mwake ali ndi cifukwa cokwanira cofunira kuona manambala. Mu 2016 bungwe la Human Rights Watch linalemba kuti anthu okhala pafupi ndi migodi ya ku Karonga sanali kupatsidwa uthenga wokwanira wa zoopsa zimene zingakhudze thanzi lawo ndi madzi awo. Dandaulo lakuti sakuuzidwa ndi dandaulo loona palokha, ngakhale madziwo atadzapezeka kuti ndi abwino.

Kuti tione mtengo wa kubisa, tiyang'ane kumene zinacitika kale. Pa 26 Epulo 1986 malo opangira magetsi a nyukiliya a Chernobyl, m'dziko limene linali Soviet Union, anaphulika usiku. Anthu a mumzinda wa Pripyat, umene unali pafupi, anatha tsiku lonse akuyenda panja monga mwa masiku onse, ndipo anawasamutsa tsiku lotsatira. Mayiko ena anadziwa pa 28 Epulo, pamene zipangizo za pamalo ena a magetsi ku Forsmark, m'dziko la Sweden, zinayamba kulira. Fumbi la ngoziyo linagwera pa udzu, ng'ombe zinadya udzuwo, ndipo ana a m'midzi anamwa mkaka wake. M'fumbilo munali ayodini wa mtundu woopsa, amene amakaunjikana m'cithokomiro. Mphamvu ya ayodini ameneyu imatsika ndi theka pa masiku 8 alionse, kotero kuti kuleka mkaka kwa masabata owerengeka kukanateteza ana ambiri. M'midzi yambiri uthengawo sunafike pa nthawi yake. Pofika 2005, anthu oposa 6,000 amene anali ana pa nthawi ya ngoziyo anali atapezeka ndi khansa ya cithokomiro ku Belarus, Ukraine ndi mbali zina za Russia, ndipo akatswiri amati gawo lalikulu la matendawo linacokera ku mkaka uja. Makolo a anawo akanatha kuwateteza ndi manja awo akanauzidwa mawu ocepa cabe.

Ku Japan, civomezi ndi madzi osefukira a pa 11 Marici 2011 zitawononga malo a magetsi a Fukushima, boma linasamutsa anthu okhala mkati mwa makilomita 20. Mzere umenewu unali wozungulira bwino papepala, koma mphepo siyenda mozungulira. Inatengera fumbi ca kumpoto cakumadzulo, ndipo mvula ndi cisanu zinaligwetsa kumeneko. Anthu ambiri a m'tauni ya Namie anathawira kudera la Tsushima poganiza kuti atalikira, osadziwa kuti alowa m'njira ya fumbilo. Boma linali ndi makina olosera kumene fumbi lingapite, ochedwa SPEEDI, koma zimene makinawo anaonetsa sizinaperekedwe kwa anthu m'masiku oyambawo. Mudzi wa Iitate, umene uli kunja kwa mzere uja, unauzidwa zosamuka patapita mwezi ndi masiku. Apa tikuona kuti mapa oganizira ndi mapa oyezedwa ndi zinthu ziwiri, komanso kuti mapa abwino otsekeredwa m'kabati sapulumutsa munthu.

Tsopano ndimve mbali inayo. Otsutsa amati mantha nawonso amapha, ndipo pamenepa akunena zoona. Ku Fukushima komweko anthu oposa 2,000 anawerengedwa kuti anafa ndi mavuto obwera cifukwa ca kusamuka, makamaka okalamba ndi odwala amene anacotsedwa m'zipatala ndi m'nyumba zawo. Citsanzo cina ndi ca mzinda wa Goiânia ku Brazil, dziko lolankhula Cipwitikizi ngati lathu. Mu Seputembala 1987 anthu awiri otola zitsulo zakale analowa m'cipatala cosiyidwa n'kutenga mbali ya makina ocizira khansa. Ataiphwanya, munapezeka ufa wowala mobiriwira mumdima, ndipo amene anaugula anaugawirako abale ndi anansi poganiza kuti ndi cinthu ca mtengo. Ufawo unali césio-137. Anthu anayi anafa, mmodzi wa iwo mtsikana wa zaka 6. Nkhani itamveka, anthu a kwina anayamba kukana katundu wocokera ku cigawo conse ca Goiás, ena ocokera mumzindawo anakanizidwa malo ogona, ndipo pa maliro a mtsikanayo khamu la anthu linaponya miyala pofuna kuletsa kuti aikidwe m'manda a mumzinda. Otsutsa amaloza zimenezi n'kunena kuti: mwaona zimene anthu amacita akamva?

Ndaona, koma ndikuwerenga nkhaniyi mwa njira ina. Kwa masabata awiri oyamba ku Goiânia anthu anali kusanza ndi kutupa manja popanda wodziwa cifukwa, ndipo ufa unali kuyendabe nyumba ndi nyumba. Kufalikirako kunaima pamene mayi wina wa m'banja lokhudzidwa ananyamula cinthuco kupita naco ku ofesi ya zaumoyo, ndipo katswiri atabwera ndi cipangizo anazindikira cimene cinali. Kenako anthu pafupifupi 112,000 anayezedwa pa bwalo la masewero, ndipo amene anapezeka ndi ufawo pathupi kapena m'thupi anali 249. Ena onsewo anabwerera kwawo mtima uli m'malo, ndipo cimene cinawakhazika mtima pansi ndi kuyezako. Oponya miyala kumanda anali anthu amene anamva mbiri ya coopsa koma sanafotokozeredwe kuti bokosi lokutidwa ndi mtovu silingawavulaze. Mantha oipitsitsa amamera pamene munthu wamva theka la nkhani. Ndipo m'midzi mwathu tikudziwa kuti nkhani yobisidwa simakhala yobisika nthawi yaitali: imatuluka ndi dalaivala, ndi mlonda, ndi wophika tiyi mu ofesi, itakula kale kawiri.

Conco mankhwala a mantha ndi kupereka nambala pamodzi ndi tanthauzo lake. Kumata pepala la Cingerezi kapena Cipwitikizi pa khoma la ofesi ya boma, lodzaza zizindikiro zimene ngakhale mphunzitsi sazimva, ndi kubisa kwa mtundu wina. Wonena zoona amaima pamaso pa anthu, m'cinenero cawo, n'kuwauza kuti pamalo apa tapeza mwakuti, malo wamba amakhala mwakuti, malire a lamulo ndi akuti, ndipo cimene mungacite ndi ici. Phunziro la okalamba a ku Fukushima likulowanso pomwepa. Nambala yofotokozedwa bwino imathandiza kusankha mwanzeru pakati pa kusamuka ndi kukhala, cifukwa nthawi zina kusamutsa gogo wodwala kumamuvulaza kuposa ceza cocepa cimene akuthawitsidwa.

Cifukwa caciwiri ca otsutsa sacinena mokweza, koma cimamveka m'macitidwe awo. Amaganiza kuti anthu a kumudzi sangamvetse zinthu zotere. Ine ndikukana. Mayi amene sanapite patali ndi sukulu amasintha metikali kukhala kwaca pamsika wa m'malire osalakwitsa. Anthu amene amamwa mankhwala otalikitsa moyo anaphunzira kufunsa nambala ya tizilombo m'magazi awo, ndipo amadziwa ngati yatsika kapena yakwera. Mlimi aliyense amadziwa kuti pogulitsa soya kapena nyemba uyenera kuyang'ana wekha pa sikelo, ndipo wogula akaitembenuzira kwa iye yekha umadziwa kuti pali cinyengo. Cipangizo coyezera ceza ndi sikelo basi. Munthu wokhoza kuwerenga makilogalamu angaphunzire kuwerenga mamilisiveti ngati wina wafuna kumuphunzitsa.

Ku Japan zimenezi zinaoneka poyera. Ngozi ya Fukushima itacitika, anthu ongodzipereka anayambitsa gulu lochedwa Safecast. Anapanga tizipangizo ting'onoting'ono tomangirira pa galimoto kapena panjinga, toyeza ceza ndi kulemba malo ake munthu akuyenda, ndipo zonse zimene anapeza anaziika pa intaneti kuti aliyense azione kwaulere. Mumzinda wa Iwaki amayi anatsegula malo awoawo oyezera zakudya, ochedwa Tarachine, kuti adziwe cimene akupatsa ana awo. Ambiri mwa iwo sanali akatswiri poyamba. M'malo ambiri manambala a anthu wambawa anafanana ndi a boma, ndipo kufananako kunathandiza anthu kukhulupirira zimene poyamba anali kuzikayikira. Boma kapena kampani yonena zoona sitaya kanthu anthu akayeza okha.

Izi zikutifikitsa pa funso la amene ayenera kuyeza. Kampani ya mgodi iyenera kuyeza, pakuti ndi udindo wake. Koma munthu sakhala woweruza pa mlandu wake womwe, ndipo ngakhale kampani yokhulupirika imakhala ndi cifukwa cofunira kuti nambala ikhale yocepa. N'cifukwa cake mayiko amakhazikitsa mabungwe oyang'anira. Kwathu kuno kuli Agência Nacional de Energia Atómica, ku Malawi kuli Atomic Energy Regulatory Authority, ndipo mayiko awiriwa analowa m'bungwe la dziko lonse la IAEA mu 2006. Mabungwe otere amafunika zipangizo zawozawo ndi ndalama zoyendera, kuti asamangolandira mapepala ocokera kwa amene akuwayang'anira. Pamwamba pa iwo payenera kukhala mpata woti mayunivesite ndi anthu a m'deralo atenge dothi ndi madzi kukayezetsa kwina. Masikelo atatu akagwirizana, mkangano umatha.

Nthawi yoyezera nayonso ndi nkhani ya cilungamo. Munthu akamaikiza mbuzi kwa mnzake, amaziwerenga onse awiri pa tsiku loperekalo, mboni zilipo. Akapanda kutero, tsiku lokazitenga pamabuka mlandu wosatha. Malo amene pali yureniyamu amakhala kale ndi ceza cokwererapo ngakhale khasu lisanagwe. Ngati palibe amene anayeza mitsinje, zitsime ndi minda mgodi usanayambe, ndiye kuti patapita zaka kampani idzati zinali conco kuyambira kale, anthu adzati mwabweretsa ndinu, ndipo palibe adzathe kutsimikiza. Wofooka ndiye amagonja pa mlandu wopanda umboni. Kuyeza koyambirira, kocitika anthu akuona ndipo mapepala ake atasungidwanso kwa amfumu ndi kusukulu, kumateteza mudzi, komanso kumateteza kampani kuti isanamiziridwe matenda amene sinabweretse. Kuyezako kuyeneranso kupitirira mgodi utatsekedwa, cifukwa zotsalira zake zimakhala ndi mphamvu kwa zaka masauzande ambiri, pamene kampani imatha kugulitsidwa kapena kutha m'zaka zocepa.

Ndisakometse mapa mopitirira muyeso. Mapa olembedwa ndi ndege kapena galimoto yodutsa mumsewu amaonetsa cithunzi ca dera lonse, koma angaphonye kadzenje kamodzi kamene ana amasewerapo. Ku Mounana, m'dziko la Gabon, nyumba zinamangidwa ndi zotsalira za mgodi wa yureniyamu, ndipo pambuyo pake zina zinagwetsedwa n'kumangidwanso. Ku Akokan, m'dziko la Niger, oyeza odziimira paokha anapeza miyala ya ku mgodi itathiridwa m'misewu ya m'tauni. Zoterezi zimapezeka ndi munthu woyenda pansi, wofunsa eni malo. Ndani akudziwa kumene amayi amakumba dothi loumbira miphika ndi lozira nyumba, kumene anyamata amaumba njerwa, dambo limene ng'ombe zimamwa m'cilimwe, kapena culu cimene amayi oyembekezera amatengako dothi lodya? Katswiri wocokera ku Maputo sangazidziwe popanda ife. Komanso kacipangizo ka m'manja sikanena zonse. Yureniyamu wa m'madzi akumwa amavulaza impso, ndipo bungwe la WHO limalangiza kuti asapitirire mamaikulogalamu 30 pa lita imodzi. Kuti zimenezi zidziwike, madzi ayenera kutumizidwa ku labotale. Munthu akangoyendetsa cipangizo pamwamba pa citsime n'kunena kuti madzi ali bwino, sanayankhe funso lonse.

Ife a m'malire tili ndi mbali ina yapadera. Fumbi la Chernobyl linafika ku Sweden popanda ciphaso, ndipo m'caka comweco ca 1986 mayiko anapangana pangano lakuti dziko limene kwacitika ngozi ya nyukiliya lizidziwitsa anzake msanga. Mfundo ya panganoli ife tinaidziwa kale, cifukwa mtsinje umodzi timamwa mbali zonse ziwiri, msika umodzi timagulana, ndipo maliro a tsidya lina timakalira nawo. Mapa amene amathera pa mzere wa malire, mbali inayo n'kusiya poyera, amanama mwa kukhala cete. Ngati kuyeza kwacitika kumtunda kwa mtsinje, a kumunsi ayenera kumva zotsatira zake, kaya ali ndi citupa ca dziko liti.

Ndanena zambiri za udindo wa ena. Koma ngati nambala ndi yathu, nafenso tili ndi mangawa. Coyamba, tisaisandutse cida cosalira anzathu. Mudzi ukapezeka ndi citsime coipa, anthu ake sakhala odetsedwa, ana awo akhoza kukwatiwa ndi kukwatira, ndipo munthu amene wamwa madzi otere sapatsira mnzake matenda pomupatsa moni. Caciwiri, tisathamangire kuloza mgodi kapena mfiti pa imfa iliyonse. Malungo, cifuwa cacikulu ndi utsi wa fodya zikupha anthu athu tsiku ndi tsiku, ndipo tikamati ciliconse ndi ceza, tsiku limene tidzanene zoona palibe adzatimvere. Cacitatu ndi colemera kuposa zonse. Ngati nambala yoipa yapezeka m'dimba langa, ndipo ndikudziwa kuti ndikaulula ndiwo zanga sizigulidwa, kodi ndidzanena? Ngati ndikhala cete n'kukagulitsa kumsika wa tsidya lina, ndacita cimodzimodzi cimene ndimadzudzula kampani. Sindingafune coonadi kwa akuluakulu ine n'kumacibisa kwa mnansi wanga. Koma pomwepo mudzi ndi boma ziyenera kugwira dzanja munthu woululayo, cifukwa ngati kunena zoona kumasiya munthu ndi njala, anthu adzaphunzira kubisa. Wowononga malo ndiye ayenera kulipira, osati wonena.

Pali kanthu kenanso kakang'ono kamene nkhani ya Goiânia ikutiphunzitsa, makamaka acinyamata otola zitsulo zakale zogulitsa. Cizindikiro ca ceza coopsa ndi mapiko atatu akuda kapena ofiirira ozungulira kadontho, pa cikwangwani cacikasu. Mukapeza citsulo colemera modabwitsa cokhala ndi cizindikiro cimeneci, kaya pa mgodi wakale, pa fakitale kapena pamalo pamene panali omanga msewu, musaciphwanye ndipo musapite naco kunyumba. Talikirani, letsani ana, ndipo dziwitsani amfumu ndi aboma. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Lamulo la malo la dziko lathu, la caka ca 1997, limati anthu a m'dera afunsidwe malo awo asanaperekedwe kwa wina. Pa misonkhano yotere timakonda kufunsa za nchito, za sukulu ndi za cipukuta misozi, ndipo ndi mafunso abwino. Ine ndikupempha kuti alendo akadzabwera ndi nkhani ya miyala ya pansi pa nthaka yathu, tidzawonjezere mafunso ena. Kodi m'miyalayi muli yureniyamu kapena thoriyamu? Kodi mwayeza madzi ndi dothi lathu musanayambe, ndipo pepala lake mutisiyira? Ndani wina, wosalipidwa ndi inu, amene adzayezenso? Mudzatiuza kangati pa caka, m'cinenero cathu? Ndipo inu mukadzapita, adzapitiriza kuyeza ndani, ndi ndalama za yani? Afunse amfumu, afunse amayi otunga madzi, afunsenso aphunzitsi, ndipo mayankho alembedwe m'buku la msonkhano anthu asanabalalike. Mlendo wa zolinga zabwino sadzakhumudwa ndi mafunso amenewa. Amene adzakwiye kapena kuzengereza, ameneyo watipatsa kale nambala yoyamba yoti tiilembe.